Ndinawatcha aulesi amuna anga, pomwe mtima wawo unkalephera

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Tiyamike, nesi, ndimakhala ku Thamesmead. Lero ndikufuna kunena za kulumala kwa amuna anga, bambo Chisale, komanso za tchimo langa lomwe ndalibisa nthawi yaitali.

Amuna anga ankakonza madenga. Anagwa pamakwerero ku Wembley, fupa la m'khosi n'kuvulaza mtsempha waukulu wa mumsana. Anatuluka m'chipatala miyendo isakugwira, manja akugwira pang'ono. Zimenezo ndinazilandira. Chomwe chinandikanika ndi chakuti ndikangowakhazika pa chikuku, pasanapite nthawi maso awo ankachita mdima, thukuta kamukamu, mutu n'kugwera pambali. Ankapempha kuti ndiwagonekenso.

Abale, ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Mtsempha ukavulala pamwamba chotero, uthenga wa ku ubongo sufika bwino kumtima ndi m'mitsempha ya magazi, ndiye munthu akakhala tsonga BP imagwa. Odwala a eni ndimawafotokozera zimenezi mofatsa. Koma tsiku lina masana, nditaweruka ku shifiti n'kuimirira m'basi njira yonse kuchokera ku Woolwich, ndinawakhazika kuti adye, iwo n'kuyamba kulendewera. Ndinakalipa.

"Inu simukufuna kuchira. Ndi ulesi basi, mwazolowera kugona!"

Kuyambira tsikulo anasiya kundiuza chizungulire chikayamba, ankangopirira. Kawiri konse ndinawapeza atakomoka pa chikuku chifukwa choopa kundivutitsa. Kutchalitchi ndinkanama kuti akupeza bwino, ndipo ofuna kudzazonda ndinkawakaniza, kuopa kuti angaone mmene munthu amandiopera m'nyumba yake yomwe. Baibulo ndinkalephera kulitsegula. Pemphero lomwe linanditsalira linali lalifupi: Ambuye, ine sindiyenera, koma aoneni iwo.

Thandizo linadzera mwa mayi Tembo a ku Zambia, amene ankachititsa amuna anga mafizo kuchipatala. Anandipeza ndikulira panja pa chipinda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaulula zomwe ndinalankhula zija. Sanandidzudzule.

"Sisi, lekani kulira," anatero. "Mwakamba nawo a dokota pa nkhani ya magetsi?"

Anandifotokozera kuti madokotala ena akuyesa njira yatsopano. Amamata tizipangizo pakhungu la kumsana, totumiza mphamvu yochepa ya magetsi yodzutsa mitsempha yomwe imalamulira mtima ndi kayendedwe ka magazi. Si aliyense amene amatengedwa. Tinadikira miyezi, ine ndikuganiza kuti Mulungu sangayankhe pakamwa ngati panga. Koma madokotala aja anawaitana amuna anga.

Tsikulo anawamata tizipangizoto, n'kuyatsa, n'kuwadzutsa pang'onopang'ono. Maso anga anali pa makina oyezera BP, kudikira kuti manambala agwe monga mwa nthawi zonse. Sanagwe. Anakhala tsonga ola lathunthu, nkhope ili gwa, mpaka anapempha tiyi. Apo m'pamene zinandilasa kwenikweni, poona ndi maso anga kuti munthuyu ankafunitsitsa kukhala, thupi ndi lomwe linkamukaniza. Ndinagwada pambali pa chikuku, madokotala akuonerera, n'kupepesa.

"Amake Chifundo, dzukani, anthu akukuonani," anatero amuna anga. "Ndinakukhululukirani tsiku lomwe lija, kungoti mpweya wonenera ndinalibe."

Sindikunamizani, sakuyenda, ndipo madokotala akuti njirayi ikadali yoyesa. Masiku ena BP imagwabe. Koma pano amadya atakhala patebulo limodzi ndi ana, ndipo Lamulungu lapitali anakhala m'tchalitchi mpaka pemphero lotsekera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanadikire kuti ndiyambe ndakhala munthu wabwino. Ndikuthokoza mayi Tembo ndi madokotala aja. Inu amene mukudwazika matenda, mwina kutopa kunakulankhulitsani mawu omwe mukuchita nawo manyazi, musabisale ngati ine. Uzani munthu, pepesani wodwala wanu akadali moyo, ndipo musaleke kugogoda. Ambuye akulimbitseni. Ameni.