Dzina Lawo pa Pepala Limene Sanasaine

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1962, wachinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo wamkulu, ndipo sindikuchedwetsani padzuwa pano.

Anayamba sukulu mu 1969. M'kalasi anali apakatikati, tisanamizane, koma pa liwiro panalibe wowapeza. Mayi athu akawatuma kugolosale ankabwerako madzi asanawire. Mu 1985 anamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo mu 1987 anawatumiza ku sekondale ya boma ya m'tauni yathu ino. Mu 1989 anakwatira alamu athu akhala apawa.

Pamene ankafika, kuseri kwa makalasi kunali thengo lokhalokha. Iwo ndi ana asukulu anazula zitsa, kugumula zulu ziwiri, mpaka bwalo linaoneka. Laimu wolembera mizere sukulu sinkagula, choncho ankatolera phulusa m'makomo mwa aphunzitsi anzawo, n'kumayeza ndi chingwe cha mfundo. Mpira ukang'ambika ankausoka okha ndi singano ya nsapato. Tauni yonse inkawatchula kuti Awenzulo, moti ena mwadziwira pamaliro pano dzina lawo lenileni. Anaphunzitsa atsikana mpira wamanja, anyamata mpira wamiyendo, ndiponso othamanga. Lamulo lawo linali limodzi: wothawa m'kalasi asaponde m'bwalo, kaya akhale katswiri chotani.

Mu Julayi 2008 timu ya anyamata inafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa masukulu. Akuluakulu a sukulu mitima inali pa chikho. Anatenga amuna awiri a m'tauni muno, wina wogulitsa nyama pamsika, wina kondakitala wa minibasi, n'kuwameta ndevu, n'kuwaveka yunifolomu. Malemu anakana kusaina mndandanda wa osewera, ndipo tsiku la masewerolo anakhala kunyumba. Wina anawasainira mobera, n'kulembapo dzina lawo. Chikho chinabweradi, koma chinangogona masiku anayi, chifukwa mphunzitsi wa timu yogonjayo ankagula nyama kwa wosewera wathu wa nambala 9 Loweruka lililonse.

Sukulu inaletsedwa mipikisano kwa zaka zitatu, ndipo panafunika munthu womusenzetsa mlanduwo. Pa 4 Ogasiti chaka chomwecho, pamzere wa m'mawa, ana onse ali chilili, panawerengedwa kalata yoti wachinyengo anali malemuwa. Makiyi a chipinda cha mipira anawalanda pomwepo. Aphunzitsi anzawo odziwa zoona anangoyang'ana nsapato zawo. Ena mwa inu muli pompano, ndipo mwatchena bwino.

Kwa zaka khumi ndi zinayi anaphunzitsabe Jogalafe m'kalasi loyang'anana ndi bwalo lija, akuona udzu ukubwerera, mitengo ya zigoli ikupita kukakhala nkhuni. Ana awo ankanyozedwa panjira kuti ndi ana a wometa ndevu. Analemba makalata asanu ndi imodzi, osapempha china koma kuti wina aike siginecha ija pambali pa yawo, aone ndi maso. Yankho linali loti nkhaniyo ikuunikidwa. Anapuma pantchito mu 2022, ikuunikidwabe.

Mu Febuluwale chaka chino anayamba kutupa miyendo, ndipo achipatala anati ndi impso. Anagonekedwa kawiri. Za ululu sankanena. Alamu athu akalowa m'wodi, funso linali loti kodi kalata yabwera. Mwa onse a nkhani ija, amene anafika kudzagwada pambali pa bedi ndi wogulitsa nyama yekha. Malemu anatisiya pa 17 Meyi, Lachisanu masana.

Dzulo a sukulu anabwera ndi nkhata ya maluwa komanso pempho loti bwalo lija litchedwe dzina la malemu. Banja lakhala pansi, ndipo yankho ndi ili. Nkhata talandira, maluwa alibe mlandu. Koma dzina ayi. Munalilemba kale pamene mwini wake anakana, simulilembanso. Mukalifuna, imikani ana pamzere womwe uja, muwawerengere kalata ina yotchula amene anagwira cholembera. Mukatero mudzatipeza, pakhomo mukupadziwa.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino a wodi ya amuna, anansi amene ankatiperekeza kuchipatala, ndi atsikana awo a mpira wamanja, lero ndi azimayi a makomo awo, amene asenza ntchito yonse ya pano osatumidwa.

Achimwene, inu gonani, zotsalazi tiyendera ndife. Mzimu wanu uuse mumtendere.