Mapulagi ndi Mswachi

Pa siteji, minibasi yakale inanyamuka motsimphina, inatsamwa, kenako phuu! kupaipi ya utsi. Bambo wovala taye amene anali atangoitsika mokwiya anatembenukira mayi wina amene ankadikira ina.

"Mwaimva mayi? Ngati mfuti! Dalaivala akaponda moto, imayamba yaganiza kaye, kenako n'kuphulika. Ine ndikachedwanso lero, ntchito yatha!"

"Pepani bambo. Ndi mapulagi a mu injini amenewo."

"Mapulagi ati? Ameneyo ndi petulo wosakaniza ndi palafini. Apo ayi makaniko wake ndi wakuba."

"Makaniko musamunamizire. Ananena kalekale kuti mapulagi anatha, pakufunika atsopano. Koma mwini minibasiyo kuumira! M'mawa uliwonse amawamasula, kuwaviika mu petulo, n'kumawakwecha ndi mswachi."

"Mswachi? Wotsukira mano? Munthu ameneyo ngofunika kumangidwa! Akusewera ndi miyoyo ya anthu!"

"Kamumangitseni, mboni ndikakhala ine."

"Nanga inu mukuzidziwa bwanji zonsezi?"

"Mukuona ngati ndaikaniranji, chonsecho ine ndimakwera ulere? Mwini wakeyo ndi bambo akunyumba. Ndipo mswachiwo ndi wanga."