Pilo Wachikasu ndi Laputopu Yozima Yokha

Lachinayi limenelo Sekilitale anafika pashopu ya amalume ake, yotayipa ndi kupulinta makalata, atavala diresi la maluwa ndiponso atadzithira mafuta onunkhira mpaka ntchentche kusochera njira, chifukwa ankadziwa kuti laputopu izima yokha isanakwane teni koloko, ndipo ikazima abwera Injiniya, wokonza makompyuta wa maso aulesi uja, womwetulira pang'onopang'ono ngati dzuwa lotuluka m'mitambo. Ankadziwa chifukwa woidwalitsayo anali iye mwini: masabata atatu tsopano ankaikhazika pa pilo wachikasu, pilo n'kutseka timabowo topumira, makina n'kutentha, n'kuuma gwa, kenako thii!

"Amalume! Yayambanso!" anakuwa, mawu achisoni koma nkhope ikuwala ngati wakhoza mayeso. "Taonani kamuvi kauma. Ndikasuntha chala, iko njii. Eee, ndiyo yazima iyo. Mayo ine! Ndiimbe foni?"

"Usaimbe," anatero amalume, omwe anakhala kalaliki zaka makumi atatu osalumphapo mzere ngakhale umodzi.

"Ndisatani?"

"Usaimbe. Pulinta yakale yafa m'mawa uno. Yatsopanoyi chiigulireni sinamvanepo ndi laputopu. Aphunzitsi aakulu akufuna mayeso a ana awo thwelofu koloko, ndipo Injiniya wakoyo amafika folo. Tikonza tokha."

"Wangayo? Iii, amalume, si wanga ine!"

"Umamuimbira ndiwe."

"Komanso tokha? Inu ndi ine? Inu amene mumazimitsa foni pochotsa batire?"

"Imazima kapena siizima?"

Amalume anapisa m'thumba la malaya, natulutsa magalasi, pensulo ndi pepala lopindapinda.

"Injiniya anandisiyira pepala. Lili ndi manambala khumi. Munthu wodziwa kuwerenga mpaka teni sangagonje kwa laputopu. Nambala wani: zulani chingwe cha pulinta." Anazula, nachonga ndi pensulo. "Taona? Tatsala ndi naini."

"Amalume, matenda a makinawa ndi aakulu. Akufunika manja odziwa. Manja ofewa, a zala zazitali, okhala ndi kachipsera apa..."

"Za zala palibe apa. Nambala thu: chotsani pilo wachikasu."

"Ayi!" Sekilitale anagwa pa laputopu ngati nkhuku yofungatira mazira. "Pilo ameneyu ndiye moyo wake! Tebulo ili ndi louma, imamva msana. Inu mungagone pa thabwa?"

"Pepala silinanene za ine."

"Ndiye chifundo chinapita kuti padziko lapansi?"

"Chifundo chilibe nambala. Dzuka."

Anasolola pilo n'kumuponya pampando. Sekilitale anaima kukamwa yasa.

"Dikirani kaye. Walemba kuti wachikasu? Piloyo anamuona liti, poti akabwera ndimamukhalira?"

Amalume anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ooo! N'chifukwa chake akabwera umatalika? Ine ndimayesa ukukulabe, mpaka ndinawauza azakhali ako kuti mwanayu tidzasintha chitseko."

"Ndimakhalira chifukwa... mpando ndi wozizira."

"Chabwino. Nambala firii: isiyeni izizire mphindi khumi."

Anavula wotchi, naiika patebulo, napinda manja. Sekilitale anazungulira shopu kawiri. Mphindi khumi! Munthu akhoza kukalamba, kumera imvi, kufa mbeta, laputopu ikuzizira yokha ngati mlendo wolemekezeka. Kenako anaona dzuwa likulowa pawindo, lotentha bwino, ndipo nzeru inamugwera.

"Amalume, bwanji ndikaiike pawindo ikapitidwe kamphepo?"

"Mwana wabwino, uli ndi mtima wa ntchito. Ima ndione." Anatsitsa chala pa pepala. "Nambala folo: musaiike pawindo, pali dzuwa."

"Haa?"

"Zalembedwa."

"Pepala limeneli likundiona?"

"Pepala lilibe maso, mwanawe. Kusukulu munkaphunzira chiyani?"

"Nanga ndikaifunditse juzi, ingazizidwe kwambiri n'kugwidwa chimfine?"

"Pansi pa nambala folo pali timalemba ting'onoting'ono. Akuti, kapena kuifunditsa chilichonse."

Sekilitale anakhala pansi mwakachetechete, pa pilo yemweyo, n'kutalika.

"Nambala faifi: dinani batani loyatsira, musalisiye mpaka muwerenge makumi atatu." Amalume anadina ndi chala chachikulu ngati akusaina kalata ya boma. "Wani. Thu. Firii."

"Amalume, azakhali munakumana nawo muli ndi zaka zingati?"

"Twente-sikisi. Twente-seveni. Twente... Aaa! Wandilumphitsa iwe! Tiyambirenso. Wani."

"Nanga nsapato mumavala saizi yanji?"

"Naini. Teni. Leveni... Iwe!"

"Pepani. Ingosiyani, sizikutheka. Ndiimbe?"

"Pepala lati makumi atatu. Silinati mdzukulu wa agogo ako akasokoneza usiye." Anatseka khutu limodzi ndi dzanja, lina analitsamiritsa paphewa, nawerenga mokuwa mpaka telala wa khomo loyandikana anasuzumira kuti aone ngati kwayamba sukulu yamkaka.

Laputopu inayaka. Inayaka mwaulemu, fani ikupuma pang'onopang'ono ngati khanda lokhuta. Sekilitale anaiyang'ana ngati mnzake amene waulula chinsinsi.

"Nambala sikisi: tsekani zonse zotsegula. Tiye tione. Ichi n'chiyani? Diresi la ukwati. Tseka. Ichi? Diresi la ukwati. Ichi? Diresi la ukwati la mchira. Iwe, madiresi makumi anayi onsewa ndi a kasitomala uti?"

"Wa... sanabwerebe."

"Akabwera umuuze asankhe limodzi. Munthu sakwatiwa kanayi tsiku limodzi, makumi anayi ndiye achita nawo chiyani? Nanga nyimbo iyi yoti ikatha imayambanso?"

"Imathandiza makina kuganiza."

"Lero aganize chamumtima. Tseka. Nambala seveni: chotsani dalaiva yakale ya pulinta. Dalaiva ndiye iti?"

Apa Sekilitale anaiwala kuti ali pankhondo. Anatseka maso, dzanja pachifuwa.

"Injiniya amati ndi kapulogalamu kamene kamachititsa kuti laputopu ndi pulinta zimvane. Amati popanda iko, ziwirizi zikhoza kukhala patebulo limodzi moyo wonse, kumayang'anana, wina osadziwa za mumtima mwa mnzake. Amatero akuyang'ana pansi, akutakasa tiyi..."

"Ndafunsa kuti ili pati."

"Apo," analoza asanaganize. Kenako anadziluma chala. "Ayi, musachotse! Yatigwirira ntchito zaka zonsezi, lero tiitaye ngati chigamba? Nkhanza zimenezo!"

Amalume anaganiza, nagwedeza mutu. "Wanena zoona." Anavula chipewa, naweramitsa mutu kamphindi, navalanso chipewa, nadina. "Yapita mwaulemu. Nambala eyiti: lowetsani fulashi imene ndakusiyirani, ikani dalaiva yatsopano imene ili m'menemo, ndipo musakhudze kanthu mpaka mzere wobiriwira ufike handiredi."

Mzere unayamba kukwawa. Sekilitale ankaudziwa mzere umenewu ngati njira ya kwawo. Nthawi zonse unkafika sevente-firii, n'kuuma, laputopu n'kuzima. Ngakhale Injiniya mwini wake, maulendo anayi onse amene anabwera, ankauyambitsa, n'kumwa tiyi, n'kukumbukira ntchito ina yofulumira mzere usanafike pakati. Sevente-firii ndiye anali chiyembekezo chomaliza. Anagwada pafupi ndi tebulo, napinda manja.

"Eee, pemphera mwanawe," anatero amalume mokhudzidwa, nawonso akugwada, maondo akulira ngati chitseko chakale. "Ana a masiku ano okonda ntchito chonchi ndi osowa."

"Ima... ima... chonde ima..."

"Ukuiuza kuti iime?"

"Ndikuuza mtima wanga. Ukuthamanga kwambiri."

"Usaime umenewo, tikuufunabe. Sikisite-naini! Ameni! Sevente!"

"Sevente-wani... mayo..."

"Sevente-thu! Limba, mzere!"

"Sevente-firii! Yaima! Amalume, yaima! Yauma!" Sekilitale analumpha, diresi likuuluka, foni ili kale m'manja. "Kalanga ine, tsoka lanji ili! Ndikuimba!"

"Sevente-folo."

"Mwati?"

"Imangopuma. Eyite. Nainte. Taona liwiro! Handiredi!" Amalume anadzuka ndi kuponya chipewa kudenga. "Nambala naini: bwezerani chingwe, pulintani!"

Pulinta yatsopano inatsokomola kamodzi, n'kuyamba kulavula mayeso, pepala pambuyo pa pepala, otentha, oyera, osapindika. Amalume anavina mozungulira tebulo, pensulo ili kukhutu, akuimba manambala kuyambira wani. Sekilitale anakumbatira pilo n'kuyamba kulira mokweza.

"Lira, mwanawe, lira. Chimwemwe chikachuluka chimatulukira m'maso."

"Si chimwemwe!"

"Nanga n'chiyani? Inki yakulowa m'diso?"

"Sadzabweranso!"

"Aphunzitsi aakulu? Abwera thwelofu."

"Injiniya! Laputopu yamoyo adzadzera chiyani kuno? Ndimaidwalitsa ndine, amalume! Ndine ndimaika pilo! Masabata atatu ndakhala ndikumuphikira tiyi, ndikusita madiresi, lero ndinakonzeka kumufunsa ngati ali ndi... ngati amakonda... Tsopano basi! Ndidzakalamba pano ndikutayipa makalata a maukwati a anthu ena!"

"Za pilo ndikudziwa."

Kulira kunaduka ngati wina wazula chingwe.

"Mukudziwa?"

"Zalembedwa kuseri." Anatembenuza pepala, nakonza magalasi, nawerenga ndi mawu omwe aja owerengera manambala. "Bambo, vuto ndi pilo wachikasu. Ulusi wake ndaupeza m'timabowo tsiku loyamba lomwe. Pepalali muligwiritse ntchito pokhapokha zinthu zikafika povuta. Apo ayi, musiyeni pilo agwire ntchito yake, chifukwa ine ndilibe chifukwa china chobwerera kuno, ndipo pakamwa panga pamauma kuposa laputopu. Chonde musamuuze."



"Tsiku loyamba? Amalume! Masabata atatu mwangokhala duu, ine ndikuonda?"

"Anati ndisakuuze."

"Ndiye lero mwandiuziranji?"

"Sindinakuuze. Ndawerenga. Za kuwerenga sanaletse."

Sekilitale anakuwa mpaka telala anasuzumiranso. Anavina ndi pilo, anapsompsona pulinta, anagwetsa bokosi la mapini, anafunsa amalume kuti awerengenso pa mawu oti pakamwa, kenako awerengenso kachitatu pang'onopang'ono. Dziko lonse linali lachikasu. Mwadzidzidzi anaima, tsitsi lili nyankhalala.

"Koma amalume... mwaichiritsa. Yachira zenizeni. Taimvani ikupumira bwino. Ndimuimbira kuti chavuta n'chiyani? Mwationonga tonse awiri!"

"Ndani wati tamaliza? Ine sindinasiyepo ntchito pa naini chibadwire."

Anadikira pepala lomaliza la mayeso kuti lituluke, nawasanja onse, nawamanga ndi mphira. Kenako analanda pilo m'manja mwa Sekilitale, namupuntha kawiri kuti afufume, nanyamula laputopu ndi manja awiri n'kuikhazika pamwamba pake bwinobwino. Ananyowetsa pensulo palilime, nachonga.

"Nambala teni: mukamaliza, bwezerani pilo pamalo pake. Ndifika folo koloko."