Malungo Osamwera Mankhwala

Zaka zija pamene ine ndi apongozi anu aamuna tinangolowa kumene m'mafulati a ku Kabwata, mipando tilibe, mbale tikuika pa katoni, mzinda uno unali wa anthu odziwana, ndipo munthu ukachedwa kutsegula chitseko m'mawa, wina ankagogoda kuti amve ngati wadzuka bwino. Khalani pansi apa Thandiwe, mpongozi wanga, tsamirani khoma pamthunzi, nanunso Misozi sendezani mpando mumve, pakuti nseru imene ikuvutitsa mlamu wanuyi inandigwira inenso pamene ndinali ndi pakati pa Dalitso, mwamuna wake yemweyu.

Masiku ano mumagula kopimira mimba ku famase, dzuwa lisanalowe nkhani yafika kale pa foni kwa abale onse mpaka ku Makeni, ndipo sindikunena kuti n'zoipa ayi. Koma ife amayi anatiuza ku Katete tisanakwatiwe kuti mimba yoyamba mwini wake saitchula ndi pakamwa pake, ngakhale kwa mwamuna, kufikira munthu wamkulu wa kuchimuna atabwera kudzailoza. Ankati ukafulumira kuitchula imachoka. Ine sukulu ndinapita ndithu, ndinkataipa makalata mu ofesi ina m'tauni, koma mawu a amayi akakulowa uli mtsikana, sukulu siwachotsa.

Tsono nseru itayamba, inali nyengo ya mvula, udzudzu uli ponseponse, ndipo a Phiri, apongozi anuwo, atandipeza nditagwada pa beseni n'kufunsa chimene chandivuta, mawu amene anali pafupi anali amodzi okha. Ndinati, “Ndi malungo.” Iwo anakhulupirira ndi mtima wonse, pakuti anali munthu wosadziwa kukayikira mnzake.

Fulati yathu inali pamwamba, ndipo moyang'anana nafe munkakhala mayi wina wa Chibemba, bana Chanda, mkazi wa aphunzitsi, wa ana ake akuluakulu kale. Makoma a nyumba zija sabisa kanthu. M'mawa wina ndikutsika masitepe nditagwira khoma, anandiyang'ana kumaso, anayang'ananso mmene ndinamangira chitenje, n'kungoti, “Mwauka shani, mwana wanga? Aya malungo yanu niyaziba.” Madzulo ake ndinapeza kambale pakhomo, muli chinangwa chowotcha chouma bwino, ndipo anandinong'oneza kuti ndichiike pafupi ndi pilo, ndizitafuna pang'ono ndisanadzutse mutu, chifukwa m'mimba mopanda kanthu ndimo nseru imakulira.

Mukumva Thandiwe? Musamadzuke ngati mwaitanidwa. Tafunani kaye kouma, mukhale pang'ono m'mphepete mwa bedi, kenako muimirire.

Tsiku lina bana Chanda anandipatsa ndimu, nati ndikande khungu lake ndi chikhadabo, ndilikulunge m'kampango, ndizinunkhiza m'basi. Mabasi a nthawi ija ankadzaza mpaka pakhomo, fungo la dizilo, la makhoti onyowa, la nsomba zouma za amayi opita kumsika, ndipo ine ndinkafika m'tauni mphuno ili m'kampango ngati wolira maliro. Kondakitala wina wachikulire, dzina lake sindinalidziwe mpaka lero, anayamba kundisungira malo a pawindo, akuuza anthu kuti, “Apa ni pa ba sisi, bafuna mphepo.” Kunyumba bana Chanda ankandiphikira madzi a jinja, osati ambiri, kakapu kamodzi kofunda, kumwa modontheza. Ankandibweretsera malambe oti ndiziyamwa, ndipo chimene sindidzaiwala, anasiya kukazinga kapenta pakhonde lake. Mbaula ankatsika nayo pansi, kuseri kwa nyumba, mayi wamkulu wa mawondo opweteka, kuti utsi wa mafuta usalowe pawindo langa. Sanandiuze kuti akuchitira ine. Ndinangoona kuti fungo latha.

Koma a Phiri mtima sunakhale pansi. Ankaona mkazi wawo akuwonda, chakudya akungotola ngati mbalame. Anati tipite ku chipatala, ine n'kuzemba kuti kuntchito sandilola, poopa kuti anesi akatchula chinthu chija pamaso pawo. Tsono Loweruka lina masana anabwera kuchokera cha ku Kamwala ndi kamtolo ka mizu, ati mnzawo wa kuntchito wawalozera munthu wodziwa mankhwala a malungo osamva mapilitsi. Anakoleza mbaula okha, munthu amene sankadziwa ngakhale pokhala machesi, anawiritsa mizu ija mpaka madzi anada bii, nyumba yonse kununkha kuwawa, ndipo anathira m'kapu, kuuzira kuti izizire, n'kudzagwada patsogolo panga.

“Imwani, mayi. Akuti zimatsuka m'mimba monse, palibe chotsala.”

Ana anga, mawu amenewo, palibe chotsala, anandiziziritsa thupi lonse. Ndikamwa, ndimaopa kuti mwana apita. Ndikanena chifukwa chokanira, amayi anati mwana apitanso. Ndinalandira kapu ija ndi manja awiri, ndipo a Phiri akundiyang'ana ndi maso achifundo, akuti, “Tsinzinani, mungomeza kamodzi.” Ndinayamba kulira, iwo n'kumayesa kuti ndikuopa kuwawa.

Fungo lija ndilo linaitana bana Chanda. Analowa osagogoda, manja ali ndi thovu la sopo.

“Ba Phiri, ni chani ichi mwapika? Mufuna kupaya makoswe?”

“Ndi mankhwala a malungo, mayi.”

“Leta nilabe.” Anandilanda kapu m'manja, anaigunditsa kumlomo, nkhope n'kukwinyika. Kenako anatuluka nayo pakhonde n'kukhuthulira yonse m'chitini cha maluwa ake. “Maluba yakafa, ni mulandu wanga.”

A Phiri anaimirira. “Mayi, mkazi wanga akudwala.”

“Niziba. Manje imwe, muli na ba anti kuno ku Lusaka?”

“Alipo azakhali ku Chelstone.”

“Yendani mukabatenge. Aya malungo, ba anti banu ndiye ba dokota.”

“Azakhali amagulitsa tomato pamsika, sanagwirepo ntchito ku chipatala.”

“Ba Phiri, imwe muvala tayi, koma mutu uli slo. Yendani chabe. Mukabauze ati ba neba bakamba kuti mubwele na mukanda.”

Onani, nayenso sakanatha kutchula, pakuti sanali wa banja lathu, ndipo mwambo umenewu kwawonso ulipo. Anangoima pakhomo, manja m'chiuno, mpaka a Phiri anavala nsapato n'kutsika masitepe akung'ung'udza. Atapita, bana Chanda anataya mizu yotsala, anatsegula mawindo onse, anandipukuta kumaso ndi nsalu yonyowa, n'kukhala nane, akundisisita msana.

Azakhali anafika m'mawa mwake tisanapite ku tchalitchi, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Anandikhazika pamphasa, anamwa madzi m'kapu n'kundipemerera pachifuwa, ine kudzidzimuka, ndipo anandimanga mkanda woyera padzanja nati, “Mwana wanga, uli ndi pakati. Kuyambira lero usanyamule zolemera, ndipo mawa upite ku sikelo.” Ndinamva ngati anditula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza milungu yonse ija.

Kenako anatembenukira mwana wa mlongo wawo. “Iwe, ukulu wonsewu, mkazi akusanza m'mawa mokhamokha, masana ali bwino, udzudzu wake ndi wotani wodziwa wotchi?”

A Phiri anakhala pa katoni ija ya mbale mpaka inabwafuka. Anayang'ana ine, anayang'ana m'manja mwawo, ndipo mawu atabwera anali aang'ono. “Ndiye dzulo ndikanamwetsa mwana wanga zija?” Anatuluka osavala jekete, anawoloka khonde, ndipo ndinawaona pawindo atagwada pakhomo pa bana Chanda, akuwomba m'manja mwa kwathu, mayi uja akuwakweza kuti, “Imani imwe, muzadetsa tilauzi ya ku chechi.”

Bana Chanda anabwerera kwawo kumpoto amuna awo atapuma ntchito, ndipo sitinaonanenso. Kuno ku Woodlands tili ndi mipanda yaitali ndi mageti achitsulo, nyumba zabwino ndithu, koma mnzako akhoza kusanza mwezi wathunthu kuseri kwa khoma iwe osamva kanthu, ndipo nthawi zina ndimalakalaka makoma opyapyala aja.

Tsono inu Thandiwe, idyani pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku, musadikire njala. Zamafuta zisiyeni kaye, madzi muzimwa modontheza, ndipo chilichonse cha mizu kapena mapilitsi chimene munthu angakupatseni, ngakhale wokukondani chotani, mufunse kaye anesi. Mukaona kuti ngakhale madzi sakukhala, musapirire, tikupititseni ku chipatala tsiku lomwelo. Mwambo ndimaulemekeza, unatilera, koma sindifuna kuti mwana wa munthu adzakhale ndi mantha m'nyumba mwanga kusowa womuuza. Ngati pali chimene chikukuvutani kuuza Dalitso, mudzandiuze ine, ndikamuuza ndine.

Misozi, kamuuzeni mchimwene wanu kuti anyezi akukazingawo azimitse, mlamu wanu wayamba kale kumeza mate.