Chisanu Chisathe

Pasiteji ya basi mumzinda wa Lille, mayi Ghislaine ankayang'ana mwaukali mtengo wa m'mbali mwa msewu pamene bambo wina wonjenjemera anawayamba.

"Chisanu chimenechi chitipha, mayi. Chithe basi!"

"Tsekani pakamwa, bambo inu! Nyengo yachisanu lamulo la dziko lino sililola kutulutsa munthu m'nyumba ya lendi. Ine lendi inandikanika kalekale, magetsi anandidyera ndalama zonse."

"Ndiye chikatha?"

"Katundu wanga panja. Landilodi wanga akupempherera dzuwa, munthu wosadziwa n'komwe khomo la tchalitchi."

"Pepani. Komatu mtengowu wayamba kale kuphukira."

"Ndauona. Dzulo ndinathothola timasamba tonse, lero taphukanso."

"Boma limayang'ana kalendala, mayi, osati mtengo."

"Kalendala ndinasonkhera moto kale. Inu ndinu wamtali, tandigwirireni nthambi yapamwambayo."