Sopo wa lavenda amene ndinasungila malilo anga

Omvela anzanga, tamvani za ine ambuya a ku Nyampande. Mdzukulu wanga wamkazi anandigulila sopo wa lavenda ku Petauke, wonunkhila maluwa akutali. Ine kuvina, ine nthungululu!

Iye anati, "Ambuya, sambani, musabise!"

Ine ndinati, "Iyayi mwanawe, uyu adzandisambitsa naye pa malilo anga." Sopoyo ndinamukulunga m'chitenje, n'kumuika pansi m'sutikesi.

Mvula isanagwe, mdzukuluyo anamwalila pobeleka. Azimayi osambitsa malilo atafunsa sopo, ndinatsegula sutikesi ndekha, n'kuwapatsa. Sopo wotsala anamukwilila naye limodzi.

Mailo, dzulo lomweli, ndagula wina, ndasambitsa khanda lake, lamoyo, lonenepa! Likanunkhila ndimaliimbila, misozi ili chuchuchu. Anzanga, chabwino musachisungile manda.