Mau a Atate amene foni sinasunge

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo. Moni kwa abusa, moni kwa amai a chigwilizano, ndi inu kumbuyo uko amene mumanditcha "asisi a makompyuta". Ndine Esinati. Lelo sindinaimilile pano kuti ndidzitame. Kudzitama ndi kumene kunandigwetsa.

Kwathu ndi ku Mwape. Tinabadwa awili, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Yotamu. Chaka china nkhokwe yathu inapsa, chimanga chonse n'kusanduka phulusa. Atate anati ndi Yotamu, anati anataya fodya ataledzela. Iye anakana, analumbila, koma Atate anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pao. Anapita ku Nyimba kukakonza njinga zamoto. Zaka zisanu ndi chimodzi, abale, osabwela ngakhale pa Khisimasi.

Ine ndinaphunzila, n'kupeza nchito kuno ku Petauke, pa kabungwe kothandiza alimi. Ndinkapanga pulogalamu ya pafoni. Mlimi amalemba za munda wake kumudzi kopanda netiweki, foni imasunga, ikafika ku boma imatumiza ku ofesi. Mupilile nane, ndifotokoze pang'ono. Chilichonse cholowa m'pulogalamu imeneyo, kaya dzina, kaya tsiku, kaya chithunzi, chiyenela kumvela lamulo limodzi: chizitheka kumangidwa m'phukusi, chizithekanso kumasulidwa chili chathunthu. Zili ngati thumba la nshawa lopita ku Lusaka, zimene wamanga kuno ndi zimene ziyenela kukatuluka uko. Ndiye timayesa. Chinthu chilichonse timachimanga, timachimasula, n'kuchiyelekeza ndi mmene chinalili poyamba.

Ine ndinaonjezako chatsopano, chojambula mau, kuti osadziwa kulemba azingolankhula. Akulu anga panchito, a Daka, mai wosachulutsa zokamba, anandifunsa ngati ndachiyesa. Ndinati inde. Abale, sindinachiyese. Ndinaona kuti zina zonse zapambana, ndinati nachonso chili bwino chabe, kodi si ine Esinati ndachipanga?

Sabata yomweyo Atate anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lina masana anati ali ndi mau oti amusiile Yotamu. Foni ili nacho kale chojambulila chake, chimene tonse timagwilitsa nchito. Koma ine ndinafuna kuti Atate aone nchito ya manja anga, ndiye ndinatsegula pulogalamu yanga. Analankhula motsitsa kwambili, m'Chinsenga, Amama atawagwila dzanja, khutu ataliika pafupi ndi pakamwa pao. Ine maso pafoni, kuonelela kamzele kakuvina, mtima ukusekelela. Ndinangomva dzina la Yotamu, ndinaona misozi, basi. Ndinati zina ndidzamvela bwino pambuyo. Foni inalemba kuti "Zasungidwa". Patapita masiku atatu Atate anatisiya.

Yotamu anabwela pamalilo, koma anaima patali ngati mlendo. Titachoka kumanda ndinamuitana pamaso pa amalume. Ndinamuuza kuti Atate anamukhululukila, ndipo anamusiila mau. Ndinatsegula foni. Dzina lilipo. Tsiku lilipo. Mau palibe. Ndinadinanso. Zii. Ndinadina kachitatu, anthu akundiyang'ana.

Yotamu anati, "Asisi, mwandiitanila kundiseka? Akhululuka chiyani, pamene ine sindinalakwe?"

Anakwela njinga yake n'kupita, osalowa ngakhale m'nyumba ya malilo mmene munali Amama.

Nditabwelela ku ofesi ndinafufuza, ndipo ndinapeza. Chojambula mau changa chija sichinkamvela lamulo. Foni inkamanga thumba lopanda kanthu n'kulemba kuti zasungidwa, mau enieniwo n'kuwafufuta. Mau a alimi a sabata imeneyo anapita. Mau a Atate anapita. Panalibe wondilodza, panalibe netiweki yoinamizila. Ndine.

Ndinasiya kudya. Ndinasiya kwaya. Ena mwa inu munabwela kudzagogoda, ine ndili m'kati phee, lelo ndikupepesa. Ndikapemphela ndinkachita kukalipa. Ndinkati, Mulungu, inu mumaukitsa akufa, mphindi zitatu za mau zikukukanikani? Kumwamba kunali zii ngati foni ija. Ndinkamva chisoni, koma manyazi ndi amene ankandidya kwambili.

Tsiku lina ndinatopa nako kubisa. Ndinalowa kwa a Daka, ndinawauza kuti ndinanama, n'kuwafotokozela za mau a Atate ndi zimene ndinauza Yotamu pamalilo. Ndinkayembekeza kalata yondichotsa nchito. Iwo anangokoka mpando, anati ndikhale ndilembe mayeso amene ndinadumpha. Anati ndiwalembe kuti aziyesa chinthu chilichonse, chimodzichimodzi, ngakhale chimene tidzaonjeze mailo kapena m'tsogolo, pasakhale chodutsa kumbali. Ndinalemba. Dzina linatuluka lobiliwila, kusonyeza kuti lapambana, tsiku lobiliwila, chithunzi chobiliwila. Mau anatuluka ofiila, alephela. Kamphindi kochepa chabe, abale. Ndikanayesa tsiku lija, ndikanadziwa Atate akali moyo. Ndinalila pamaso pa abwana ngati mwana.

Anandisiya ndilile. Nditatha anandifunsa funso limodzi.

"Nanga mau amene unauza mlongo wako, unawayelekeza ndi a ndani?"

Ine sindinamve zimene Atate ananena. Ndinaona misozi, ndinamva dzina, zotsalazo ndinadzazamo ndekha. Ndikhulupilila ndi mtima wonse kuti funso limenelo Ambuye ndi amene analiika pakamwa pa a Daka.

Pa Chiwelu ndinapita ku Mwape. Ndinapeza Amama ataonda, atakhala pakhonde osachita kanthu. Ndinawauza zonse, kuti foni sinasunge, kuti ndinauza Yotamu kuti Atate amukhululukila. Anagwila pakamwa.

Anati, "Mwana wanga, si zimenezo. Atate ako anati moto uja unali wao. Ankaotcha zinyalala kuseli, mphepo n'kuutenga. Anachita manyazi, anakankhila mwana. Anati, mukamuuze andikhululukile."

Abale, Amama masiku onsewo ankaganiza kuti Yotamu anamva mau amenewo m'foni, ndipo anakana kukhululukila atate ake. Ndi chimene chinkawaondetsa. Onani chimene bodza langa limodzi linachita: mwana kuthawa, mai kufota, ndi pempho la munthu wakufa kukhala panjila losafika.

M'mawa mwake ndinafika ku Nyimba. Ndinamupeza Yotamu atawelamila injini, manja ali bii ndi oilo. Sanandipatse mpando. Ndinagwada pomwepo pa dothi la oilo, ndi chitenge changa cha kutchalitchi. Ndinamuuza kuti sindinamvetsele Atate, kuti zimene ndinanena pamalilo zinali za m'mutu mwanga. Kenako ndinamuuza mau a Amama monga analili, osaonjeza, osachotsa.

Anapukuta sipanala imodzi nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti, "Anatelo ndi pakamwa pao? Atate?"

Ndinati, "Usakhulupilile ine. Tiye ukafunse Amama, anali pomwepo."

Anatseka shopu dzuwa likali pamutu. Anandikweza panjinga. Njila yonse ya ku Mwape ndinkamva msana wake ukugwedezeka. Zimene zinachitika atagwa pamiyendo ya Amama sindingathe kuzinena, mungandione ndikulila pano.

Manje moyo wanga uli motele. Mau a Atate sindinawapeze, ndipo sindidzawapeza. Zimenezo zimandiwawabe. Alimi aja ndinawayendela mmodzimmodzi, kupepesa ndi kujambulanso. Nchito ndikali nayo, ndipo ndine woyesa. Anzanga amati ndine wovuta, chifukwa palibe chimene chimapita kumudzi ndisanachimange ndi kuchimasula ndekha. Ndimangoseka, anene.

Yotamu amapita kwathu pa Chiwelu chilichonse. Akaima pakhomo n'kunena kuti "Odi", Amama amachedwa dala kuyankha. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Ndimafuna anenenso. Mau ake ndi a atate ake enieni."

Zikomo Yesu, chifukwa pempho la Atate linafika ngakhale wonyamula anali ine. Zikomo a Daka. Zikomo inu amene munagogoda osatopa. Mutipemphelele, ine, Amama ndi Yotamu. Ameni.